Zimene ndaphunzira pa ntchito yosamalira zigwa za mitsinje ndili pa kompyuta mu Lusaka

Maphunziro amene ndikuchita panopa ndi okhudza kasamalidwe ka zigwa za mitsinje, ndipo mbali yaikulu ya ntchito yoyeserera ndimaigwirira kunyumba kuno ku Lusaka, pa kompyuta ndi pa foni. Chigwa cha mtsinje ndi malo onse amene madzi a mvula yogwa pamenepo amatsetserekera mu mtsinje umodzi, kuyambira pamwamba pa zitunda, kudutsa m'minda, m'madambo ndi m'makwawa, mpaka pamathiriro. Lamulo la kasamalidwe ka madzi la mu 2011, limene linakhazikitsa WARMA, bungwe la boma loyang'anira madzi, limayendetsa madzi a Zambia motsatira zigwa zoterezi, ndipo zikuluzikulu zilipo zisanu ndi chimodzi: Zambezi, Kafue, Luangwa, Chambeshi, Luapula ndi Tanganyika. Malire a maboma ndi a mafumu sagwirizana ndi malire amenewa, choncho munthu wodula mitengo m'boma lina akhoza kuumitsa chitsime cha munthu wa m'boma lina amene sadzaonana naye n'komwe.

Phunziro loyamba linali lojambula malire a chigwa pogwiritsa ntchito pulogalamu yaulere ya QGIS ndi miyeso ya kukwera ndi kutsika kwa nthaka imene inatengedwa kuchokera m'mlengalenga mu 2000. Kompyuta imaona mbali imene madzi angatsetserekere pa kachigawo kalikonse ka nthaka, kenaka imalumikiza tinjira timeneti mpaka mitsinje yonse itaonekera. Nditayesa ndi mzinda wathu, ndinaona kuti Lusaka anamangidwa pa mtunda wogawa madzi. Mtsinje wa Ngwerere umatenga madzi a mbali ina n'kukathira mu Chongwe, pamene Chunga amalowera ku Mwembeshi n'kukafika mu Kafue. Pansi pa mbali yaikulu ya mzindawu pali miyala ya laimu yokhala ndi ming'alu ndi mphako, imene imasunga madzi ambiri, komanso imalola zonyansa kulowa msanga popanda kusefedwa. Mzindawu umamwa madzi a m'mijigo yokumbidwa m'miyala imeneyi, kuwonjezera pa madzi a mu Kafue amene amayeretsedwa ku malo oyeretsera madzi a Iolanda n'kupopedwa m'mapaipi kubwera kuno. Munthu akamvetsa zimenezi, amamvetsanso chifukwa chake kolera ya mu 2017 ndi 2018, komanso ya mu 2023 ndi 2024, inavuta kwambiri m'makomboni ngati Kanyama, kumene zimbudzi zokumba ndi zitsime zosaya zili moyandikana pa miyala yomweyo.

Za kufunika kwa zigwa sindinavutike kukhulupirira, chifukwa zaka zaposachedwapa zatiphunzitsa mokwanira. Pa 29 Febuluwale 2024, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chafika pokhala ngozi ya dziko lonse, ndipo madzi atachepa ku damu lopangira magetsi la Kariba magetsi ankathima pafupifupi tsiku lonse. Mu Febuluwale 2025, damu la zinyalala za mgodi ku Chambishi linagumuka, madzi a asidi analowa mu Mwambashi n'kufika mu Kafue, nsomba zinafa ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi. Nkhalango siingagwetse mvula m'chaka cha chilala, koma nthaka yokhala ndi mitengo, udzu ndi madambo imamwa madzi m'dzinja n'kumawatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe, pamene nthaka yoyera imawathamangitsa onse nthawi imodzi pamodzi ndi dothi lachonde.

Ntchito yeniyeni imene munthu wakutali angagwire ndi yoyang'ana ndi kusankha. Makina a m'mlengalenga a Sentinel-2 amajambula malo amodzimodzi pafupifupi masiku asanu alionse, ndipo kadontho kamodzi pa chithunzi kamaimira malo a mamita 10 m'litali ndi m'lifupi. Zithunzi za makina ena a m'mlengalenga otchedwa Landsat, zimene zinayamba kutengedwa mu 1972, zimathandiza kuona mmene malo analili makolo athu ali anyamata. Ndimaika pamodzi zithunzi za mwezi umodzimodzi wa zaka zosiyana, n'kuyang'ana pamene kubiriwira kwachepa, pamene dambo lalimidwa, ndi pamene m'mphepete mwa mtsinje mwayera. Nditachita zimenezi ndi nkhalango ya Lusaka East, imene ambiri amaitchula kuti Forest 27, kumene kumachokera mtsinje wa Chalimbana, ndinaona misewu ndi mapuloti zikulowa chaka ndi chaka gawo lina litachotsedwa pa malo otetezedwa mu 2017. Ndinakhala nthawi yaitali ndikuyang'ana zithunzi zimenezo, chifukwa denga lililonse ndi bwalo lililonse la simenti ndi malo amene mvula siidzalowanso pansi.

Koma chithunzi chili ndi malire, ndipo pamenepa ndi pamene ndaphunzira zambiri. Pa ntchito yoyeserera ndinapatsidwa kachigwa kakang'ono ka kumudzi, ndipo ndimagwira ntchito ndi komiti ya anthu a komweko amene amatumiza zithunzi ndi mayankho kudzera pa fomu ya KoboToolbox (pulogalamu yosonkhanitsira mayankho pa foni) ndi pa WhatsApp. Pa chithunzi cha mwezi wa Seputembala panali malo akuda m'mbali mwa phiri. Kwa ine amene ndili kutali, akanatha kukhala lupsa la osaka mbewa, uvuni wa makala, kapena munda wongotenthedwa kumene, ndipo chilichonse mwa zitatuzi chimafuna njira yakeyake. Amayi ena achikulire a m'komitiyo anapitako wapansi, nanditumizira chithunzi cha zitsa za mombo zongodulidwa kumene ndi mulu wa dothi lofiira pamene panali uvuni. M'mawu amene anajambula pa foni anafotokozanso kuti kasupe wa m'munsi mwa malowo ankatuluka madzi mpaka mvula yoyamba pamene iwo ankakwatiwa, koma masiku ano amauma nyengo yozizira ikangotha. Kasupe ameneyo saoneka pa chithunzi chilichonse chimene ndili nacho. Chigwembe chobisika pansi pa mitengo sichioneka, ndipo m'dzinja, pamene nthaka imakokoloka kwambiri, mitambo imaphimba zonse kwa masabata.

Choncho sindivomereza anthu akamanena kuti chigwa chingasamalidwe pa kompyuta. Chimasamalidwa ndi manja: kupanga akalozera ndi chingwe ndi levulo kuti mizere itsate kapendekeke ka munda, kubzala udzu wa vetiva pa milambala, kusanja miyala m'zigwembe kuti madzi afooke n'kusiya dothi, kusiya mpata wosalimidwa m'mphepete mwa mtsinje, kubzala katope ndi mbawa, ndi kulambula njira zotchinga moto. Gawo langa ndi kuthandiza kuti mphamvu zochepa za anthuwo zipite pamalo oyenera, chifukwa komiti siingakonze zigwembe zonse m'chilimwe chimodzi. Mapu amasonyeza kuti chigwembe china chimalandira madzi a malo aakulu kuposa zinzake, ndiponso kuti kukonza kuyenera kuyambira kumtunda, popeza miyala yosanjidwa kumunsi imakokoloka ndi mvula yoyamba ngati kumtunda sikunasamalidwe. Zomaliza amagamula ndi amfumu ndi eni minda, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira.

Chimene chimandivuta mumtima ndi chakuti pa ntchito zoterezi ulemu ndi malipiro nthawi zambiri zimapita kwa wojambula mapu, pamene wonyamula miyala amayembekezeredwa kugwira mongodzipereka, ndipo nthawi zina amagula yekha bandulo ya intaneti kuti atumize zithunzi. Ndikuona kuti bajeti iliyonse ya ntchito yakutali iyenera kuyamba ndi anthu amenewa. Ndiponso makala otentha m'mbali mwa phiri lija amathera m'mbaula za kuno ku Lusaka, makamaka magetsi akathima, kotero kuti lipoti longodzudzula wotentha makala, osatchula ife ogula, silinanene zoona zonse.

Panopa ndikuphunzira kuwerenga zithunzi za makina a m'mlengalenga a Sentinel-1, amene amajambula pogwiritsa ntchito rada, kapena kuti mafunde a wailesi amene amadutsa mitambo, kuti ndizitha kuona madambo akusefukira m'kati mwa dzinja. Ndikukonzanso mndandanda wa malo ofunika kuyambira, ndipo ndiyenera kuutumiza ku komiti mvula isanayambe, kuti mbande za kunazale ndi vetiva zikafike pamalo nthaka ikangonyowa.