Mafuta ofiira aja asowa pamwamba pa dip yanga

Lachinayi usiku ndinatulutsa mbale mu uvuni, pamwamba pake popanda dziwe la mafuta. Ndinaima kukhitchini ndekhandekha, kansalu kogwirira zotentha kali m'manja, n'kumangoseka. Kuyambira Febuluwale ndaphika buffalo chicken dip kanayi, ndipo kanayi konseko imatuluka mafuta ofiira akuyandama pamwamba ngati chiponde chimene chaiwalika pa shelefu miyezi itatu. Kachisanu aka ndiye zatheka.

Anzanga a m'kalasi ya zophikaphika, za kuphika nkhuku mpaka ifike 165°F ndi za kutulutsa cream cheese m'firiji nthawi ikadalipo sindibwereza, mukuzidziwa. Abale akumudzi okha ndikuuzeni kuti ichi ndi chosunsira cha kuno ku America: nkhuku yong'ambang'amba, tchizi ndi sosi wa tsabola, zowotcha mu uvuni, anthu n'kumasunsamo tchipisi ta chimanga kapena celery ali chiimire. Dzinalo silikunena njati ayi. Ndi mzinda wa Buffalo m'chigawo cha New York, kumene amati mayi Teressa Bellissimo a ku Anchor Bar anakazinga mapiko a nkhuku n'kuwanyika mu sosi wa tsabola mu 1964. Dip ndi mapiko omwewo atawachotsa mafupa, kuti munthu adye maso ali pa mpira.

Manyazi oyamba ndinawaona pa Super Bowl, fainali ya mpira wa ku America, mu Febuluwale. Anzanga a kuntchito anandiitana, aliyense abwere ndi kake. Nditavundukula mbale yanga, mayi a nyumba sanalankhule kanthu. Anang'amba pepala lopukutira m'manja, n'kuligoneka pamwamba pa dip, pepala lonse psuu. Anang'ambanso lina. Ine kumangoyang'ana TV ngati mpira wawowo ndimaumva.

Maganizo anga anali akuti ndachulutsa mafuta. Nanga munthu ukaona mafuta ungaganize chiyani? Ulendo wachiwiri ndinachotsa batala. Wachitatu ndinagula cream cheese wochepa mafuta ndi cheddar wochepanso mafuta, ndiye zinanyanya: pansi madzi, pakati timibulu ngati chambiko chophitsa, pamwamba kachikopa kokokeka. Wachinayi ndinati mwina siikupsa bwino, ndinawonjezera moto ndi nthawi. Apo ndiye ndinalakwitsiratu.

Amene anandiombola ndi mayi wina wachikulire wa m'kalasi mwathu, yemwe wagwira ntchito m'malesitilanti zaka zambiri asanabwere kudzafuna pepala. Nditamuonetsa chithunzi pafoni anangoti ndiponyemo masilaisi awiri a American cheese, uja wokulungidwa m'mapepala apulasitiki limodzilimodzi, ndiponso ndichepetse moto. Ndinanyansidwa nazo. Tchizi chimenecho m'kalasi timachinyoza, ena amati si tchizi n'komwe. Koma zinandivuta kugona, ndipo ndinatha usiku uwiri ndikufufuza chifukwa chake.

Nkhani yake ndi iyi, ndipo ndikuilemba kuti ndisaiwale. Tchizi ndi ukonde. Ulusi wake ndi pulotini ya mumkaka yotchedwa casein, mfundo zake ndi kashiamu, ndipo m'maso mwa ukondewo mwakodwa timadontho ta mafuta ndi madzi. Ukachitenthetsa pang'ono, mafuta amayamba kusungunuka cha pa 90°F, ukonde n'kumasuka, cheddar n'kuyamba kuyenda cha pa 150°F. Ukapitiriza kusonkhezera, ulusi umakhwinyata n'kugwirana wokhawokha, madzi amauluka, mafuta n'kufinyidwa kutuluka kunja. Mafuta amene ndinkaona aja sanali ochuluka ayi. Anali mafuta omwe aja oyenera kukhala mkati, kungoti chowagwira chinali chitawataya. Ine n'kumachotsa mafuta pomwe chovuta chinali ukonde.

Nditangomva zimenezi, zina zonse zinayamba kulumikizana zokha. Cheddar wokhalitsa, uja wowawasa amene ndinkagula podzionetsa, ndi amene amasweka msanga chifukwa ulusi wake unaduka kale pokhala nthawi yaitali. Tchizi chopalapala kale cha m'thumba amachiwaza sitachi kapena cellulose kuti chisamatane, n'chifukwa chake sichisungunuka mosalala. Ndipo American cheese uja ali ndi mchere wina, monga sodium citrate, umene umalanda kashiamu pa mfundo zija. Mfundo zikamasuka, casein amasiya kukumbatirana n'kuyamba kukuta timadontho ta mafuta, ndiye mafuta ndi madzi amakhala pamodzi ngakhale patenthe. Si nzeru yatsopano. Ku Switzerland, Walter Gerber ndi Fritz Stettler anachita zimenezi ndi tchizi cha Emmental mu 1911, ndipo James L. Kraft anatenga patent ya tchizi chake mu 1916. Masilaisi awiriwo sindiwaikira kukoma. Ndimawaikira mchere umenewo, kuti ukathandize tchizi chinzake.

China chimene chinandisangalatsa kwambiri ndi cha tsabola. Ukali wa tsabola, capsaicin, umasungunuka m'mafuta osati m'madzi, chimodzimodzinso mtundu wofiirawo. Ndiye dip ikasweka, mafuta amakwera pamwamba atanyamula ukali ndi mtundu womwe. Woyamba kusunsa amapsa lilime, wotsiriza amadya nkhuku yozizira mkamwa. Mayi a nyumba aja popukuta mafuta ndi pepala ankataya tsabola wanga yense m'bini.

Lachinayi ndinachita chonchi. M'kapoto pa moto wochepa kwambiri ndinaika cream cheese wa 8 oz, ndiye magalamu 226, ndi kamsuzi kamene ndinaphikira nkhuku, kotala ya kapu. Zitafewa ndinaponyamo masilaisi awiri aja n'kutakasa mpaka kusalala. Cheddar wosakhalitsa ndinapala ndekha, n'kumathira dzanja limodzi, kutakasa, dzanja lina, osati zonse nthawi imodzi. Ndinaphula, kenako sosi wa tsabola wa Frank's RedHot theka la kapu, kenako makapu awiri a ntchafu za nkhuku, chifukwa chidali chimauma msanga ndipo sindidzachigwiritsanso ntchito apa. Mu uvuni pa 350°F, ndiye cha pa 175°C, mphindi 15 zokha. M'mbali mutangoyamba kubwata ndinatulutsa, pakati padakali phee. Kale ndinkadikira kuti mbale yonse iwire ngati phala.

Ndinaonjezeramo kasupuni kamodzi ka Nali kuchokera m'botolo limene azakhali ananditumizira. Frank's ndi wa viniga kwambiri, ukali wake ndi wa ana, n'chifukwa chake theka la kapu silivuta. Musadzayerekeze kuthira Nali theka la kapu.

Kunena zoona, njira iyi yandilowa m'mutu. Ndagula kathumba ka sodium citrate weniweni pa intaneti, ndipo ndikuona ngati palibe sosi wa tchizi amene angandivutenso moyo wanga wonse. Loweruka ndinaika mu makaroni. Lamulungu ndinasungunula parmesan, amene aliyense amati sasungunuka bwino, n'kukhala ngati kirimu. Mnzanga wogona naye nyumba akuti zonse zimene ndikuphika masiku ano zikukoma mofanana, ngati za m'kantini ya pa bwalo la mpira. Ndi nsanje chabe imeneyo. Ine ndikuti akanatiphunzitsa mchere umenewu sabata yoyamba, theka la mavuto a m'kalasi ya masosi sakanakhalapo.

Apa ndi pamene pamandiwawa. A Chef athu pa pepala la njira yophikira analemba mawu awiri okha, akuti tisapitirize kuwotcha. Chifukwa chake osanena. Nditawafunsa nditalephera kachiwiri, anayang'ana wotchi n'kundiuza kuti ndiziyang'anira bwino mbale yanga. Ndiyang'anire chiyani, poti sindinkadziwa chimene ndikuyang'ana? Kalasi ndi ya maola atatu, ola lathunthu limathera pa kuwerengera mtengo wa mbale imodzi, lina kutsuka ndi kulemba madeti pa makontena. Sindikuti zimenezo n'zachabe. Koma mphindi zisanu zokha za ukonde uja zikanandipulumutsa nkhuku zinayi ndi ndalama za tchizi zimene ndinazipeza ndi shifiti ya usiku. Mwina iwo anaziphunzira m'manja osati m'mutu, amangodziwa mbale ikafika pake koma sangafotokoze, monga agogo anga amene sanayezepo ufa chibadwire koma nsima yawo sinakhalepo ndi mibulu. Kungoti agogo sankalandira fizi.

Ndipo nthawi yoyesera ilibe kumene ingachokere. Ndimaweruka 6 koloko m'mawa, kugona pang'ono, kalasi masana. Dip imodzi ndi ola ndi theka ukaphatikiza kutsuka mapoto, ndipo sungaphike kawiri usiku umodzi chifukwa wodya palibe. Lamulo loti chakudya chonga ichi chisakhale kunja kwa firiji kupitirira maola awiri nalonso limatanthauza kuti yotsala patebulo yonse imapita m'bini.

Chimene chikundidetsa nkhawa tsopano n'chakuti Lachinayi ndinasintha zinthu zinayi nthawi imodzi: masilaisi aja, mtundu wa cheddar, kusungunulira m'poto kaye, ndi kufupikitsa nthawi ya mu uvuni. Ndakhala ndikutamanda sodium citrate sabata yonse, koma mwina mphindi 15 zokhazo zikanakwanira popanda silaisi ngakhale imodzi. Ndiyenera kuyesa chimodzichimodzi, koma nkhuku zake ndi zinayi zinanso. Uvuni wa kunyumba kuno ndi wakale, nambala ya pa kabatani sindiikhulupirira, pomwe wa kusukulu uli ndi fani ndipo umapsereza msanga. Mayeso a zophika ali Lachiwiri. Sindinaganizebe ngati masilaisi aja ndiwatulutse poyera pamaso pa a Chef, kapena ndiwabise pansi pa thumba la celery, kapena ndingowasiya kunyumba n'kuona ngati moto wochepa wokha ungandipulumutse.