Lachiwiri ku Khombedza: misangu yayamba kuyoyola masamba

Mvula yoyamba inagwa Lamulungu usiku, ndiye lero tinalawirira kumunda ndi amalume kukamaliza mizere. Mitengo ina yonse kuno ikuphukira, koma misangu ikuyoyola masamba. Ndi khalidwe lake mtengo umenewu. Dzinja lonse umangokhala nthambi zokhazokha, n'kudzaphukira mvula ikamatha. Chimanga cha pansi pake chimalandira dzuwa mokwanira, kwinaku chikudya masamba amene akuwola.

Ndinafukula ndi khasu patsinde pa msangu waukulu wa pakati pa munda. Dothi lake ndi lakuda bii, lofewa, losakanikirana ndi timasamba, ndowe zouma ndi njira za chiswe. Kutalikira pang'ono chabe, khasu limangodumpha pa dothi lotuwa. Ndowezo ndi za m'chilimwe. Udzu ukatha cha mu Seputembala ndi Okutobala, ng'ombe zimadzasonkhana apa kudya zikhokhombe zopindikapindika zimene zimagwa mumtengomu, n'kugona pamthunzi mpaka dzuwa litapendeka. Zimene zadyazo zimabwezera pomwepo. Njere zina zimatuluka ndi ndowe khungu lake litafewa, ndipo zimamera msanga.

Zambiri zimachitikira pansi. Mizu ya msangu ili ndi timibulu tofanana ndi ta mizu ya mtedza kapena nandolo, ndipo mmenemo mumakhala mabakiteriya okoka nayitrojeni wa mumpweya, yemwe uja timamulipirira ndalama zambiri m'thumba la yureya. Mtengo umawapatsa shuga, iwo amaupatsa nayitrojeni. Muzu wake waukulu umatsika kutali komwe chimanga sichingafike, n'kukweza michere ya kumeneko kupita kumasamba. Chiswe, bowa ndi nyongolotsi ndiye zimamalizitsa ntchito masamba akagwa.

Cha m'ma 10 koloko kunabwera bambo wina panjinga, wochokera kunyanja. Akufuna mtengo wosema bwato, ndipo ndalama anali nazo m'thumba. Amalume sanakweze n'komwe mutu. "Pepani achimwene, ameneyu ndi feteleza wanga wosafuna kuponi." Munthuyo anaseka, n'kupitirira kukafunsa kutsidya. Ndikukayika ngati kumeneko amukaniza, chifukwa njala ya Januwale siili patali.

Chimene chinandinyansa ndi munda woyandikana nafe. Anyamata osaka mbewa anautentha wonse m'chilimwe. Nayitrojeni wa m'mapesi anapita ndi utsi, ndipo phulusa lotsalalo mvula ya Lamulungu yalikokolola kale kulowera kukhwawa. Mbewazo akadazisiyira akadzidzi ndi njoka, koma kadzidzi akangolira pafupi ndi nyumba kuno amamugenda.

Madzulo tinadula nthambi zaminga n'kutchingira timisangu tomwe tamera tokha m'mphepete mwa munda, chifukwa mbuzi sizinayambe kumangidwa. Amalume akuti mtengowu suthamanga, phindu lake adzadya ndi ana anga. Mawa tikubzala chimanga, nandolo pakati pa mizere.