Kabawi wanditengera mwanapiye m'mawa uno

Ndimatsuka mbale kuseri kwa nyumba pomwe ndinamva thadzi likulira mwachilendo. Pocheuka, ndinangoona kabawi akukwera m'mwamba, kamwanapiye kali lendelende m'zikhadabo zake. Anzake onse anali atathawira kunsi kwa nkhokwe. Kotengedwako ndi kaja kamakonda kutsalira kokha pamtondo n'kumatola madeya, make ali kutali. Mtima wandiwawa kwambiri, ndipo si chifukwa cha nkhuku yokha ayi.

Dzulo lomweli mwana wa achemwali anga anandionetsa uthenga wa pa WhatsApp. Munthu wina wosamudziwa akumulonjeza ntchito ya m'nyumba ku Oman, akuti tikiti ndi pasipoti amukonzera yekha. Chimene chinandiopsa ndi mawu akuti asauze makolo mpaka zonse zitatheka. Mtsikanayu analemba MSCE chaka chatha, wangokhala pakhomo wopanda chochita, ndiye ndikumvetsa chifukwa chake nkhope yake inawala powerenga. Koma tonse tinamva za atsikana a kuno kwathu amene atafika kumeneko analandidwa mapasipoti, kumagwira ntchito usana ndi usiku, ena kumamenyedwa, mpaka anthu akufuna kwabwino kuthandizapo kuti abwerere. Atsikana amenewa sanali opusa. Umphawi unawafinya, ndipo owanyengawo anayamba ndi kuwapatula kwa abale awo.

Madzulo ano ndikupita kwa achemwali kuti tikakhale naye pansi mwanayo. Sindikamukalipira ayi. Ndikufuna ndikamve kuti munthu ameneyu nambala yake anaipeza bwanji.