Kugwira ndalama osathamangira sopo

Abale anga, tikambeko za OCD, matenda a m'maganizo amene amabweretsa mantha osatha n'kumukakamiza munthu kuchita chinthu mobwerezabwereza, chifukwa ambiri akuvutika mwakachetechete ndipo ena timangoti alodzedwa. Munthu amasamba m'manja mpaka khungu kung'aluka, kapena amadzukadzuka usiku kukaona ngati watseka chitseko. Akatero mtima umakhala pansi kwa kanthawi, kenako mantha amabweranso mwamphamvu.

Thandizo lilipo, limatchedwa ERP, kutanthauza kukumana ndi chimene ukuchiopa koma osachita zimene mantha akukukakamiza. Katswiri wa zamaganizo Victor Meyer analiyamba ku London mu 1966. Wodwala amakumana ndi chimene amachiopa pang'onopang'ono, kuyambira chopepuka. Mwachitsanzo, amagwira ndalama yapepala yochokera kumsika, n'kukhala osathamangira sopo. Mtima umagunda, thukuta limatuluka, koma akapirira nkhawa imatsika yokha. Mawa amabwerezanso, mpaka ubongo uzolowere.

Chimene chimandipweteka n'chakuti ife achibale, mwachikondi, timamuuza kambirimbiri kuti "watseka, usadandaule", osadziwa kuti tikudyetsa matendawo. Komanso chonde musamukakamize kugwira zinthu kunyumba. Izi zimafuna mlangizi wophunzira komanso kuvomera kwa mwiniwake. Kafunseni ku chipatala cha St John of God ku Mzuzu ndi Lilongwe, kapena ku Zomba Mental Hospital.