Zikomo nonse amene munandithandiza kusunga tinsomba tija

Dzulo ndapereka lipoti la kafukufuku wanga ndipo aphunzitsi alilandira. Ndisanapume, ndithokoze kaye.

Anzanga a ku Ndirande mwakhala mukundifunsa kuti ndimatani ndi nsomba zosadyedwa. Ndi zebrafish, tinsomba ta mizeremizere ngati mbidzi. Kwawo ndi ku India ndi Bangladesh, koma ndi pachibale ndi usipa wathu. Kansombaka ukakaika m'thanki yachilendo kamathawira pansi, nthawi zina n'kungoti zii osagwedezeka. Mantha akachepa m'pamene kamayamba kukwera pamwamba. Kakapanikizika, thupi lake limatulutsa cortisol, homoni ya kupanikizika, monga momwe limachitira la munthu, ndipo pafupifupi 70 peresenti ya majini athu ali ndi ofanana nawo mwa iko. Ine ndinkafuna kuona ngati mafuta onunkhira a zomera, limonene wa m'makoko a malalanje ndi citral wa mu lemongrass, angakachotse mantha ngati mmene amachitira diazepam, mankhwala a kuchipatala ochepetsa nkhawa. Kansomba kalikonse ndinkakayang'anira mphindi 6, wotchi ili m'manja.

Mu June ndinatsala pang'ono kusiya. Tinsombati timafuna madzi ofunda, madigiri 28. Chiperoni chitagwa magetsi anazima usiku wonse, ndipo m'mawa ndinapeza tambiri tili chagada. Ndinakhala pansi m'labu n'kulira.

Bambo amene mumasamalira labu yathu, sinditchula dzina poti simungakonde, koma ndinu munandidzutsa. Usiku uliwonse magetsi akazima munkatereka madzi pa mbaula, kuthira m'mabotolo n'kuwayandamitsa m'thanki, kenaka kukulunga thankiyo ndi bulangete lanu. Ndinunso munandichenjeza kuti mafuta akachuluka m'madzi nsomba imangofooka ndi tulo, ndiye ndisafulumire kulemba kuti yadekha. Mawu amenewa anandipulumutsa pamaso pa ondiyesa, chifukwa funso lawo loyamba linali lomwelo.

Amayi ogulitsa zipatso mumsika wa Limbe, munkandisungira makoko m'thumba osandilipiritsa ngakhale tambala. Achimwene, ndalama ya minibasi munkandipatsa osafunsa kuti sukuluyi idzatha liti. Amayi anga, inu munapirira fungo la lemongrass m'nyumba miyezi yonseyi, ndipo m'mawa uliwonse munkafunsa kuti, "Nanga ana ako aja adzuka bwanji?"

Chimodzi ndikupempheni, chifukwa ena mwayamba kale kundilembera kufunsa ngati mafutawa angathandize munthu. Nsomba yanga inkasambira m'madzi okhala ndi kadontho ka mafuta koyezedwa bwino, si munthu wodwala nkhawa ayi. Amene muli pa mankhwala a kuchipatala musawasiye, ndipo mafutawa musamwe. Ngati nkhawa yakukulirani, pitani mukaonane ndi adokotala.

Tinsomba totsala tili bwino, taikira kale mazira. Lolemba ndikukatipereka kwa mtsikana wa chaka chachitatu amene akufuna kuyesa mafuta a masamba a bulugama, ndipo mabotolo aja ndimusiyira.