Nyimbo ya chaka chino, kamvekedwe ka pa kaseti: mmene tinayendera

Kaseti imene inayambitsa zonsezi ndinaipeza m'chikwama cha malemu bambo anga, pansi pa malisiti akale a fodya. Chikuto chake chinasuluka kalekale, koma dzina la Alleluya Band linkawerengeka. Kunyumba kulibenso choimbira kaseti, ndiye ndinapita nayo pa Kamwendo kwa madala ena okonza mawailesi. Tepi inali itatuluka n'kupotana. Madalawo sanalankhule zambiri: anatenga bolopeni, kuilowetsa pa kabowo, n'kuyamba kupukusa pang'onopang'ono mpaka tepi yonse inabwerera m'kati. Itayamba kulira, anyamata a kabaza amene anali panja anasiya macheza.

Bandi yathu ndi ya anthu asanu. Ine ndimaimba besi, alamu anga gitala, aphunzitsi ena a ku pulaimale kiyibodi, mnyamata wina wa ku Mkanda ng'oma, ndipo otsogolera nyimbo ndi achemwali a ku kwaya ya kutchalitchi kwathu. Tilibe manijala, tilibe kampani. Ndalama timaiona pa maukwati ndi zinkhoswe, makamaka anthu akagulitsa mtedza ndi soya. Kumeneko n'kumene tinaona kuti tikaponya nyimbo zakale anthu amadzuka, osati akuluakulu okha ayi. Chijambulireni Giddes Chalamanda ndi Patience Namadingo mu 2020, ana a sukulu nawonso anayamba kufunsa za agogo aja. Lucius Banda atamwalira mu June 2024, panalibe ukwati umene tinachoka osapemphedwa za ku Balaka.

Maganizo oyamba anali ojambulanso nyimbo imodzi ya pa kaseti ija. Aphunzitsi ndiwo anatiletsa. Kuimba nyimbo ya mwini pa ukwati ndi kwina, kuijambula n'kuitulutsa ndi dzina lanu ndi kwinanso: pamafunika chilolezo, ndipo mwini wake ngakhale atamwalira, umwini umapitirira kwa zaka zambiri m'manja mwa abale ake. Tinagwirizana kuti tipeke yathuyathu, koma imveke ngati inatuluka nthawi imene anthu ankagula makaseti kwa O.G. Issa.

Ntchito yoyamba inali kumvetsera basi. Milungu iwiri tinkakumana m'kalasi ya aphunzitsi ana akaweruka, n'kumabwereza kaseti ija, titaijambula pa foni. Tinawonjezerapo za Robert Fumulani, za Kalimba, ndi kalindula amene ife a ku Mchinji tinakula naye chifukwa wailesi za ku Zambia zimamveka kuno ngati zapakhomo, Chipata ili pafupi kuposa Lilongwe. Chimene ndinatolapo ine n'chakuti m'nyimbo zimenezi besi simabisala. Imayenda patsogolo, imayankha woimba, nthawi zina imachita kuimba mawu. Kiyibodi imangodumphadumpha kumbuyo, ndipo kolasi imalowa ndi mawu awiri kapena atatu ngati kwaya. Chinanso, liwiro silikhala limodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ikafika pa kolasi nyimbo imathamanga pang'ono, chifukwa oimbawo ndi anthu ndipo akomedwa. Mnyamata wa ng'oma ankati kumeneko n'kulakwitsa. Patapita masiku anayamba kuchita yekha osauzidwa.

Mawu ndinalemba ine. Ndi a mayi amene mwamuna wake anapita kukagwira utenanti ku minda ya fodya ku Kasungu, nyengo zitatu zapita, kunyumba kumangobwera uthenga wa pakamwa.

Tsopano apa ndi pamene bandi inatsala pang'ono kutha, ndipo amene mukufuna kujambula mumve bwino. Tisanapite ku situdiyo aphunzitsi anabwera ndi kope la masamu, akuti tilembe kuti nyimboyi ndi ya ndani. Ine ndinaseka, chifukwa m'mutu mwanga nkhani inali yodziwikiratu, wolemba ndine. Alamu anaika gitala pansi.

"Alamu, mawu ndi anu, sindikukana. Koma anthu akamaimba mluzu panjira, adzaimba mawu anuwo kapena kagitala kangaka?"

Ndinakhala chete, chifukwa ankanena zoona. Kagitala koyambira kaja ndi kamene kamakakamira m'khutu. Achemwali nawo anati kolasi ndinabwera nayo yowuma, iwo ndiwo anaikhotetsa. Tinakangana mpaka mdima, ndipo nkhani inafika kunyumba, mayi a ana anga n'kumandifunsa kuti achimwene awo ndawalakwira chiyani. Pomaliza tinalemba chonchi: mawu magawo 40 pa 100, maimbidwe 40 agawane alamu ndi achemwali, 20 otsalawo agawane aphunzitsi ndi wang'oma chifukwa cha kakonzedwe. Aliyense anasaina, aliyense anajambula tsambalo pa foni yake. Kagawidwe kameneka si lamulo, ndi kathu. Inu mukhoza kugawana mwina, bola mugawane ndalama isanaoneke. Ife tinakangana chonchi pa nyimbo imene inali isanabweretse ngakhale ya mchere.

Situdiyo tinapita ya ku Lilongwe, mtunda wa makilomita oposa 100, titanyamula ng'oma pa minibasi. Kondakitala anatilipitsa ng'oma yaikulu ngati munthu. Pulodyusa anali mnyamata wodziwa ntchito yake, koma anazolowera njira ina: ng'oma za m'kompyuta, kenako aliyense alowe payekha, aimbe motsatira kabelu kogunda m'khutu. Titamuuza kuti tikufuna kuimba tonse nthawi imodzi, anatiyang'ana ngati tapempha kuti atiphikire pa mafuwa m'situdiyomo.

"Mabigi, zimenezo zinali kale. Mmodzi akaphonya ndiye kuti tonse tibwerera poyamba."

Tinati n'zomwezo tabwerera. Kachipinda kanali kakang'ono, ndiye ng'oma tinaziika m'khonde la m'kati, titatchinga chitseko ndi matilesi awiri kuti phokoso lisalowe pa maikolofoni ya achemwali. Besi ndi kiyibodi zinalowa pa waya molunjika. Wang'oma sitinkamuona, tinkangomumva m'mahedifoni, ndipo kuti adziwe kuti kolasi yafika, alamu ankamenya phazi pakhoma. Ulendo wachinayi tinaimba bwino kwambiri, magetsi n'kuzima tili pa ndime yomaliza, kompyuta isanasunge. Tinadikira maola awiri tikudya chipisi panja. Imene inatuluka ndi ya ulendo wa 9, ndipo muli malo amodzi pamene chala changa chinaterereka pa waya. Pulodyusa anafuna kupadula, ine ndinati pakhale.

Nkhondo ina inali ya mawu a achemwali. Iye anafuna kuwadutsitsa m'makina owongola mawu aja, amene amachititsa oimba onse a masiku ano kumveka ngati ana a mayi mmodzi. Achemwali atamva anavula mahedifoni n'kunena kuti, "Achimwene, ameneyo si ine. Ku kwaya akamva adzati ndadwala chimfine." Anachotsa. Pamene ndimam'patsa ulemu mnyamatayo ndi pa kumikisa: atamvetsa chimene tinkafuna, anachepetsa kuthwa kwa mawu a m'mwamba, n'kuika kamkokomo pang'ono pa gitala, nyimbo inamveka yofunda. Anatifunsa ngati aikemo kaphokoso ka tepi konama. Tinakana. Kufwenthera kwa kaseti sindiko tinkakusowa.

Cholakwa chathu chachikulu chinali potuluka. Tinanyamuka mothamangira minibasi yomaliza, titagwirizana kuti atitumizira pa WhatsApp. Anatumizadi, koma MP3 yokha, yofinyidwa. Titafuna mafayilo enieni patapita mwezi, anati kompyuta yavuta, ndipo zinatengera ulendo wina wa ku Lilongwe kuti zipezeke. Musachoke m'situdiyo opanda flashi yanu m'thumba, muli WAV (fayilo yosafinyidwa) ya nyimbo yomalizidwa, ina yopanda mawu yoti mudzaimbire pa siteji, ndi chida chilichonse pachokha. Mulembenso ngati pulodyusa mwamulipira zonse kapena ali ndi gawo m'nyimboyo. Ife tinalemba m'kope lomwe lija, anasaina pansi pa wang'oma.

Ulendo wobwererawo tinaphera mbalame ziwiri, chifukwa tinadzera ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito za luso, limene linakhazikitsidwa mu 1992 ndipo pano limayendera lamulo la 2016. Anthu ambiri amaganiza kuti nyimbo imakhala yako ukailembetsa. Ayi, ndi yako chiipekereni n'kuijambula. Kulembetsa kumathandiza kuti ndalama zimene bungweli limatolera ku mawailesi, ku malo azisangalalo ndi pa zipangizo zosungira nyimbo zidziwe kopita, komanso pakabuka mkangano pakhale pepala. Tinatenga ziphaso zaunzika, zithunzi zazing'ono, nyimbo pa flashi ndi kope lija. Pa fomu amafuna kudziwa wolemba mawu, wopeka maimbidwe ndi wokonza, ndiye tinangokopera za m'kope. Kukanakhala kuti sitinakangane m'kalasi muja, tikanakanganira pa kauntala ya eni ake. Musanapite imbani kaye foni mufunse zofunika ndi ndalama zake, zinthu zimasintha. Ndipo musayembekeze kuti mwezi wamawa mulandira kanthu, ndalama imatsata kuseweredwa kwa nyimbo.

Za wailesi sindichulutsa. Tinayambira kwathu konkuno ku wailesi ya Mudzi Wathu, kenako tinatumiza kwina, ena anayankha, ena mpaka lero. Chimene ndingakuuzeni ndi cha dzina la fayilo. Nyimbo ikayenda pa WhatsApp ngati mawu wamba imasanduka AUD ndi manambala, ndipo munthu wachitatu kuilandira sadziwanso kuti oimba ndani. Lembani dzina la bandi ndi la nyimbo pa fayilo ndi m'kati mwake, ikani kachithunzi, ndipo muzitumiza ngati document kuti dzinalo lisatayike. Achemwali anatchulanso dzina la bandi kumayambiriro kwa nyimbo, monga ankachitira akale. Pa Facebook tinaika kavidiyo kamene mwana wa alamu anajambula pa foni tikuyeserera m'kalasi, bolodi la masamu likuoneka kumbuyo, ndipo kanayenda kuposa chithunzi chimene tinavalira masuti obwereka.

Anyamata oika nyimbo m'mamemori khadi pa msika ndi nkhani yovuta. Amadya thukuta lathu, palibe wotsutsa. Koma kumudzi kumene bandulo ndi yodula, nyimbo imafika kudzera mwa iwowo, ndipo amene amaimva kumeneko ndi amene amatiitana ku ukwati. Sitinawapatse, koma sitinadabwe itawafika.

Loweruka lapitali ine ndi alamu tinaima pa kabenchi kena pa boma, tikunamizira kufuna nyimbo. Tinafunsa ngati ali ndi ya mayi wodikira mwamuna wa ku Kasungu ija. Mnyamatayo anafufuza mu foda ya zatsopano, sanaipeze. Anakanda mutu, n'kutsegula foda ina yolembedwa kuti Zakale, ndipo inali mmenemo, pakati pa Paul Banda ndi Allan Namoko. Alamu anapsa mtima, akuti nyimbo ya chaka chino aiika bwanji kwa agogo. Ine ndinalipira mnyamatayo kuti andiikire foda yonseyo m'foni, ndipo alamu sanandilankhule mpaka pa Kamwendo.