Sabata ya mvula ku Fiordland

Ntchito yanga pa sitima yaing'ono yonyamula alendo ku Fiordland, kummwera chakumadzulo kwa New Zealand, ndi kufotokozera anthu zimene akuona ndi kuwatsogolera tikatsikira kumtunda. Sabata yathayi mvula inagwa kuyambira Lolemba osalekeza, ndipo alendo ambiri anakwera sitima nkhope zili zakugwa chifukwa ankayembekezera thambo loyera. Ine ndimaona kuti amene wafika kuno kukugwa mvula ndiye wachita mwayi.

Ku Milford Sound, chimodzi mwa zigwa zakuya za kuno zimene nyanja inalowamo, kumene Amaori, anthu oyamba kukhala m'dzikoli, amakutcha Piopiotahi, kumagwa mvula yoposa mamilimita 6,000 pachaka. Kukawala dzuwa mlendo amaona mathithi osaphwa okha, monga a Bowen otalika mamita 162 ndi a Stirling, koma ikagwa usiku wonse madzi amatsetsereka m'mathanthwe mbali zonse ziwiri, m'malo oti sungawawerenge, ndipo ena mphepo imawamwaza asanafike pansi. Phiri la Mitre Peak linabisika m'mitambo, komabe kaputeni atayandikitsa mphuno ya sitima pa mathithi a Stirling, anthu amene ankadandaula aja anathamangira kutsogolo kuti akanyowe. Kuyandikira chotere kumatheka chifukwa zigwazi zinakumbidwa ndi madzi oundana kalekale, choncho makoma ake amapitirira kutsika pansi pa madzi ali chiimire. Kuya komweko n'kumene kumativuta madzulo, poti malo oponya nangula ndi ochepa ndipo kaputeni amayenera kuwasankha malinga ndi kumene mphepo ikuchokera.

Lachiwiri tinatulukira m'nyanja ya Tasman kulowera kummwera, ndipo mafunde anagoneka theka la alendo ndi mseru. Tsiku limenelo ntchito inali yogawa madzi ndi mabisiketi basi.

Doubtful Sound ndiko kumene ndimakonda kuphunzitsa. James Cook, woyendetsa zombo wa ku Britain, anadutsa pakhomo pake mu 1770 koma sanalowe, pokayika ngati mphepo ikanamulola kutulukamo. Ndinaponya ndowa ya chingwe m'madzi ndi kupempha alendo kuti alawe, ndipo anadabwa kuti mchere sunkamveka ngakhale tinali panyanja. Madzi amvula ochokera m'nkhalango, amene masamba owola amawasandutsa ofiirira ngati tiyi, amayandama pamwamba pa madzi amchere n'kutchinga kuwala, moti zamoyo za pansi pakuya, monga makorali akuda, omwe amaoneka ngati timitengo, zimamera pamamita pafupifupi 10 okha. Mayi wina wachikulire anabwereza kulawa, kenako anati tsopano wamvetsa chifukwa chake sindinkadandaula za mvula. Masana gulu la ma dolphin okhala momwemo linatulukira patsogolo pathu, ndipo kaputeni anachepetsa liwiro osawatsatira, pakuti ndi ochepa ndipo maboti akawapanikiza amalephera kupuma ndi kuyamwitsa ana mwamtendere.

Ku Dusky Sound, kumene kulibe msewu uliwonse, tinafika kumapeto kwa sabata. Cook anakhala kuno milungu isanu mu 1773, ndipo ku Pickersgill Harbour zitsa za mitengo imene anthu ake anadula zikuonekabe, zitakutidwa ndi ndere. Tisanatsike, ndinakhala pansi ndi burashi n'kuyang'ana nsapato za aliyense, kukolokosola matope ndi njere za udzu, ndi kukhutula zikwama zonse. Bambo wina anakwiya ndi kuchedwako pamene tintchentche toluma tinkamuzinga m'khosi, ndipo ndinamufotokozera kuti zilumba zina za kuno zinachotsedwa makoswe ndi tinyama tolusa totchedwa stoat ndi khama la zaka zambiri, kuti mbalame zosauluka monga kākāpō zipulumuke. Khoswe mmodzi wabere atatsika m'chikwama akhoza kuwononga ntchito yonseyo. Pa nkhani imeneyi sindilolera munthu aliyense, kaya walipira zingati, ndipo bamboyo anatsegula chikwama chake, ndinachiyang'ana m'matumba monse, kenako anatsikira m'boti pamodzi ndi anzake.